Mafunso ndi mayankho: thandizo la anthu osaona ndi ovutika kuona m'Malawi

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwera mobwerezabwereza kuchokera kwa makolo, aphunzitsi, ana amene akusamala agogo awo, ndiponso eni ake amene maso ayamba kuwavuta. Tayambira pa za kuchipatala chifukwa anthu ambiri amadumpha pamenepa n'kuyamba kufunafuna bungwe loti liwathandize.

Kodi "wosaona" ndi "wovutika kuona" n'chimodzimodzi?

Ayi. Anthu ambiri amene timawatchula kuti osaona sakhala mumdima wa bii. Ena amazindikira pamene pali khomo chifukwa cha kuwala, ena amaona chithunzithunzi cha munthu koma nkhope osaizindikira. Wovutika kuona ndi munthu amene maso ake sabwerera mwakale ngakhale atavala magalasi oyenera kapena kuchitidwa opaleshoni, komabe kuona kotsalako amatha kugwira nako ntchito.

Kuona kotsalako kumasiyana munthu ndi munthu. Wina amaona ngati akusuzumira mu bango: uthenga wa pafoni awerenga bwinobwino, koma akadzuka apunthwa pa mtondo umene uli pambali pake. Wina amaona za m'mbali zokha, pakati pali chimtambo, ndiye amayenda yekha mpaka kumsika koma sangalowetse ulusi pa singano. Anthu oterewa ndi amene amanenedwa m'mudzi kuti akungonamizira, pamene sakunamizira ayi.

Pa kalembera wa 2018, pafupifupi theka la anthu aulumali amene anawerengedwa ananena kuti vuto lawo ndi la kuona.

Tiziwatchula bwanji kuti tisawakhumudwitse?

Ndi dzina lawo, kapena ulemu umene munkawapatsa kale: agogo, amalume, aphunzitsi. Mukafuna kufotokoza za vutolo, ambiri amakonda mawu oti "osaona" kusiyana ndi "akhungu". Musavutike kupewa mawu ngati "tionana mawa"; eni ake amawanenanso.

M'bale wanga wayamba kusaona bwino. Tiyambire pati?

Kuchipatala, ndipo musadikire kuti adzayambe wasiyiratu kuona. Tengani kabuku kake ka kuchipatala mupite pa chipatala chaching'ono cha kwanuko, akakutumizani ku chipatala cha boma lanu kumene kumakhala ogwira ntchito amene anaphunzira za maso. Zikawakulira amatumiza ku zipatala zazikulu: Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe, kumene kuli zipatala za maso za Lions Sight First, komanso Zomba Central ndi Mzuzu Central. Chipatala cha mishoni cha Nkhoma nacho chimadziwika ndi ntchito ya maso.

Pali zina zosafuna kugona nazo. Diso likasiya kuona mwadzidzidzi, likamapweteka kwambiri limodzi ndi mutu ndi kusanza, likalaswa ndi kamtengo, waya kapena tsamba la chimanga, kapena mukagwera laimu, simenti kapena asidi wa batire, pitani tsiku lomwelo. Pa za laimu ndi asidizi, yambani mwatsuka disolo ndi madzi oyera ambiri kwa nthawi yaitali musananyamuke. Mwana wakhanda amene maso ake akutupa ndi kutuluka mafinya, ndi mwana aliyense amene pakati pa diso pakuoneka poyera, nayenso ndi wothamangira naye.

Amene ali ndi matenda a shuga aziyezetsa maso chaka ndi chaka ngakhale akuona bwino. Ndipo ngati vuto ndi loti munthu wa zaka zopitirira 40 wayamba kutalikitsa buku la nyimbo kuti aone zilembo, nthawi zambiri amangofunika magalasi owerengera basi.

Agogo awapeza ndi ng'ala, koma akukana opaleshoni. Akuti akawachotsa diso.

Mantha amenewa ndi ofala, ndipo ndi amene asunga nkhalamba zambiri pakhonde zaka ndi zaka chikhalirecho mankhwala alipo. Ng'ala ndiyo imachititsa khungu anthu ambiri achikulire kuposa matenda ena onse, koma ndiyonso yosavuta kuthana nayo. M'kati mwa diso muli kagalasi kachilengedwe. Munthu akamakula kagalasiko kamachita mbuu ngati madzi otsukira mpunga. Pa opaleshoni amachotsa kagalasi kokhako n'kuikamo kena kopanga. Diso silichoka m'malo mwake. Wamkulu samugonetsa tulo; amangochititsa dzanzi disolo, ndipo ntchito yake sitenga ngakhale ola. Mawa lake amamasula bandeji, ambiri n'kuyamba kuona pomwepo.

M'zipatala za boma opaleshoniyi salipiritsa. Chimene chimadya ndalama ndi thiransipoti ndi chakudya cha womudikirira. Nthawi zina madokotala a maso amabwera okha ku zipatala za m'maboma kudzachita opaleshoni kwa masiku angapo. Funsani alangizi a zaumoyo a m'dera lanu kuti akudziwitseni akamva tsiku.

Kukangana nawo agogo sikuthandiza kwenikweni. Chimene taona chikugwira ntchito ndi kuwapezera mnzawo wa msinkhu wawo amene anachitidwa kale, abwere adzacheze nawo, awawerengere nkhuku zimene zili pabwalo.

Nanga mankhwala achikuda, kapena odontheza ogula pa msika?

Musadonthezere m'diso madzi a masamba, utomoni, mkodzo, mkaka wa m'mawere, shuga kapena china chilichonse chimene simunapatsidwe kuchipatala. Diso lofiira limene likanapola pa sabata imodzi limatha kuchita chilonda n'kusiya chipsera choyera chosachoka. Odontheza a m'botolo ogula popanda kuyezedwa nawonso si abwino onse: ena amaziziritsa diso msanga koma amakulitsa chilonda, ndipo akagwiritsidwa ntchito nthawi yaitali amabweretsa glaucoma, imene tafotokoza pa funso lotsatirali.

Adokotala anena kuti maso sadzaonanso. Ndiye basi?

Matenda ena akaononga, aononga. Chitsanzo ndi glaucoma: mphamvu ya madzi a m'diso imakwera n'kumapha mtsempha wa diso pang'onopang'ono, kuyambira m'mbali, popanda kupweteka. Mankhwala odontheza tsiku ndi tsiku kapena opaleshoni zimateteza kuona kotsalako, koma sizibweza kumene kunapita. Matendawa amayenda m'magazi, choncho ana ndi abale a wodwalayo akayezetse.

Trachoma, matenda opatsirana a maso amene amapinditsira nsidze m'kati, inathetsedwa ngati vuto la dziko lonse la Malawi. Bungwe la WHO linatsimikiza zimenezi mu 2022. Komabe mukaona agogo amene nsidze zawo zapindikira m'kati n'kumakanda diso, musamangowazula. Pali kaopaleshoni kakang'ono kokonza chikope.

Adokotala akati palibenso chochita, akunena za diso. Za munthuyo zilipo zambiri: kuphunzira kuyenda ndi ndodo, kuphika, kulima, kuwerenga, kugwiritsa ntchito foni. Musadabwe akakhala miyezi ingapo ali wokwiya, wosafuna kudya kapena kutuluka m'nyumba. Ndi maliro amenewo, akulira maso ake. Koma akayamba kunena zoti kuli bwino kufa, musazitenge mwachibwana. Bwererani naye kuchipatala mukafotokoze. Chimene chimadzutsa ambiri ndi kukumana ndi wosaona mnzawo amene ali pa banja, akulima, akukwera minibasi yekha.

Ndi mabungwe ati amene tingapiteko?

Malawi Union of the Blind, MUB mwachidule, ndi bungwe la eni ake osaona ndi ovutika kuona, ndipo lili ndi nthambi m'maboma. Kumeneko n'kumene mungapeze anzanu aja tanena pamwambapa.

Kumbali ya boma kuli MACODA, bungwe loona za anthu aulumali. Ambiri akuidziwabe ndi dzina lakale la MACOHA, limene linakhalapo kuyambira 1971 mpaka pamene lamulo latsopano la anthu aulumali linabwera mu 2024. Ili ndi alangizi amene amayendera anthu aulumali m'midzi m'maboma ena, komanso malo ophunzitsira ntchito zamanja. FEDOMA ndi mgwirizano wa mabungwe a anthu aulumali wamitundu yonse, pamene APAM ndi ya anthu achialubino. Mabungwe akunja monga Sightsavers ndi CBM nthawi zambiri amagwira ntchito kudzera m'zipatala, m'sukulu ndi m'mabungwe a konkuno, osati kupereka thandizo kwa munthu payekha.

Ngati simukudziwa kolowera, pitani ku ofesi ya chisamaliro cha anthu kwa DC, mukafunse amene amaona za aulumali. Tikuuzeni zoona: ogwira ntchito ndi ochepa, mafuta a njinga zawo amasowa, ndipo thandizo silidzakupezani mutakhala pakhomo. Lembetsani dzina, tengani nambala ya foni ya ofesiyo, muzikumbutsa.

Pakhomo tisinthe chiyani?

Choyamba kusintha ndi mtima wa apabanja. Mayi wina amene anaphika nsima zaka 40 atasiya kuona, ana ake anamulanda mthiko tsiku lomwelo poopa kuti apsa. Anamulanda tsache, anamulanda khasu, mpaka madzi osamba ankachita kumupungulira. Patatha chaka anali atafooka miyendo chifukwa chongokhala pamphasa, ndipo ankadzitcha katundu. Mlangizi atabwera sanabweretse chipangizo chilichonse. Anamukhazika pafupi ndi mafuwa moto usanayatsidwe, n'kumuuza kuti apapase pamene pali fuwa lililonse, pamene pakhale ufa, pamene pakhale chipande. Zotsalazo mayiyo ankazidziwa kale: madzi akafunda amamveka ndi khutu, phala likamabwata limadziwika, nsima ikalimba mkono umanena.

Zina ndi zing'onozing'ono. Chinthu chilichonse chikhale ndi malo ake, ndipo mukachisuntha nenani. Chitseko chikhale chotsekeratu kapena chotsegukiratu, chifukwa chotseguka theka n'chimene chimang'amba pamphumi. Mangani chingwe kuchokera pakhomo kukafika kuchimbudzi ndi kubafa kuti asamadzutse mwana usiku. Dzenje la chimbudzi likhale ndi chovundikira ndi popondera podziwika ndi phazi. Makasu, ndowa ndi njinga zisamagone panjira. Pa chakudya muuzeni kuti nsima ili kumanja, ndiwo kutsogolo, madzi kumanzere, kenaka musiyeni adye. Mabotolo a mankhwala asiyanitseni pomanga kamphira kamodzi pa lina, tiwiri pa linalo.

Kwa wovutika kuona, kuwala ndi mitundu n'zofunika: kapu yoyera pa tebulo lakuda, mzere wa penti yowala m'mphepete mwa sitepe, nyale yabwino pamene amagwirira ntchito.

Ndimutsogolere bwanji poyenda? Nanga ndodo yoyera ija ndi ya chiyani?

Musamukoke dzanja kapena kumukankha kumsana, ndipo musagwire ndodo yake n'kumamukoka nayo ngati mbuzi. Funsani kaye ngati akufuna thandizo. Akavomera, iye ndiye agwire mkono wanu pamwamba pa chigongono, inu mukhale patsogolo pang'ono. Thupi lanu likamakwera kapena kutsika amamva yekha, koma nenanibe: "kutsogoloku kuli ngalande", "tikwera masitepe atatu". Mawu oti "uko" ndi "apo" alibe ntchito. Pomukhazika, ikani dzanja lake pa mpando. Pa minibasi, dzanja lake likhudze pamwamba pa khomo kuti asagunde mutu. Mukafika nenani dzina lanu, ndipo pochoka tsanzikani, asatsale akulankhula ndi mphepo.

Ndodo yoyera si yotsamira. Ndi yaitali, yopepuka, ndipo munthu amaiyendetsa uku ndi uku patsogolo pake kuti imuuze za dzenje, mwala kapena m'mphepete mwa msewu asanapondepo. Kuyera kwake kumadziwitsa madalaivala ndi akabaza. Pamafunika wokuphunzitsani, ndipo MUB, MACODA kapena mphunzitsi wa ana osaona wa m'dera lanu angakulozereni. Podikira yeniyeni, nsungwi yowongoka yofika pachifuwa imathandiza. Tsiku lokumbukira ndodoyi ndi 15 October.

Bwanji agalu otsogolera amene timaona pa TV?

Ku South Africa aliko. Bungwe lophunzitsa agaluwa linayamba mu 1953. Ku Britain nakonso ndi ofala. Kuno kwathu si njira yodalira: kuphunzitsa ndi kudyetsa galu wotere n'kodula, ndipo misewu ndi minibasi zathu sizinakonzekere.

Mwana wanga saona. Angapite kusukulu iti?

Pali njira zitatu. Pali sukulu za ana osaona monga Chilanga ku Kasungu ndi Lulwe ku Nsanje. Pali sukulu wamba zimene zili ndi resource centre, chipinda chimene mumakhala mphunzitsi wa luso lapadera ndi zipangizo, nthawi zambiri ndi malo ogona. Zitsanzo ndi Ekwendeni ku Mzimba, Malingunde ku Lilongwe, Nkope ku Mangochi, Nazombe ku Phalombe, Makande ku Chikwawa ndi Montfort ku Chiradzulu. Mwana amaphunzira Braille (zilembo zowerenga popapasa) m'chipindamo, maphunziro ena onse n'kumalowa m'kalasi ndi anzake oona. Njira yachitatu ndi sukulu ya pafupi ndi kwanu, mwana n'kumayenderedwa ndi mphunzitsi woyendayenda. Aphunzitsi amenewa amaphunzira ntchito yawo ku Montfort Special Needs Education College ku Nguludi.

Yambani ndi mphunzitsi wamkulu wa sukulu yapafupi ndi PEA (mlangizi wa sukulu za pulayimale) wa zoni yanu, mutatenga zimene analemba kuchipatala. Musadikire kuti mwana akule kaye. Amene amayamba Standard 1 ali ndi zaka 12 amachita manyazi pakati pa tiana, ndipo ambiri amasiyira panjira. Asanafike msinkhu wa sukulu, mulekeni akwawe, agwire zinthu, asewere ndi anzake kumkombaphala. Muzimuuza dzina la chilichonse chimene wagwira.

MANEB imakonza mayeso a Braille ndi a zilembo zikuluzikulu, koma sukulu iyenera kunena polembetsa mayeso, osati sabata yolemba. Kumbutsani aphunzitsi. Ophunzira osaona amafika mpaka ku yunivesite. Ku University of Malawi ku Zomba kuli chipinda chowathandiza. Mavuto alipo ndithu: mapepala a Braille amatha, makina olembera amaonongeka osakonzedwa, buku limodzi amagawana ana angapo.

Braille n'chiyani, ndipo ilipo ya Chichewa?

Ndi kalembedwe ka timadontho totukuka towerenga ndi nsonga za zala. Anakayambitsa Louis Braille wa ku France, amene anabadwa mu 1809 ndipo anasiya kuona ali mwana. Chilembo chilichonse chimapangidwa kuchokera pa timadontho 6, ndipo timadonthoti tingasanjidwe m'njira 63. Braille si chilankhulo, choncho Chichewa, Chitumbuka kapena Chiyao zimalembeka bwinobwino. Polemba amagwiritsa ntchito kachitsulo kobowolera ndi chimango chake, kapena makina a Perkins.

Mabuku a Braille ndi akuluakulu. Baibulo lathunthu limadzaza shelefu yonse. Bungwe la Torch Trust ku Blantyre lakhala likufalitsa Malemba ndi mabuku ena achikhristu a Chichewa mu Braille ndi m'zilembo zikuluzikulu. Dziko la Malawi linalowa m'pangano la Marrakesh mu 2017, limene limalola kusandutsa mabuku kukhala a Braille kapena omvetsera kuti osaona awerenge popanda kupempha kaye chilolezo kwa mwini buku.

Wamkulu amene zala zake zinachita zikang'a ndi khasu, kapena zinachita dzanzi ndi shuga, Braille imamuvuta. Si mlandu, onani funso la foni.

Mwana wachialubino aphunzire Braille?

Kawirikawiri ayi. Kalembera wa 2018 anapeza anthu achialubino 134,636, ndipo pafupifupi onse amavutika kuona, koma chialubino sichipangitsa munthu kuti m'tsogolo adzasiyiretu kuona monga ena amanenera. Chimene mwanayu amafuna ndi kuyezedwa magalasi, kukhala kutsogolo m'kalasi koma osayang'anana ndi dzuwa la pawindo, chipewa chachikulu, zilembo zikuluzikulu, ndi ufulu wodzuka kukayang'anitsitsa pa bolodi. Akamayandikiza buku kumaso musamuletse, sizimuononga.

Munthu wosaona angagwiritse ntchito foni?

Kwambiri. Pa foni ya mabatani, batani la 5 lili ndi kadontho kotukuka, ndipo manambala ena onse amawapeza kuchokera pamenepo. Mafoni a Android ali ndi TalkBack, a iPhone ali ndi VoiceOver. Mumaziyatsa ku Settings, pa Accessibility. Foni imanena chimene chala chakhudza, ndipo mukagogoda kawiri imatsegula. Pa kompyuta pali NVDA, yaulere, ndi JAWS, yogula. Be My Eyes imakulumikizani pa vidiyo ndi munthu wongodzipereka kuti akuwerengereni kalata kapena tsiku lothera mankhwala, koma imadya bandulo.

Vuto n'lakuti mawu a m'mafoniwa amawerenga Chichewa ngati mzungu wongofika kumene. Poyamba mumaseka, kenaka khutu limazolowera. Ambiri amangodalira mauthenga a mawu pa WhatsApp. Chenjezo limodzi: nambala yachinsinsi ya Mpamba kapena Airtel Money musauze ejenti kapena wodutsa. Phunzirani kuilemba nokha, ndipo muzivala zomvera m'khutu kuti foni isaitchule pagulu.

Angadzipezere bwanji ndalama? Boma limapereka kalikonse?

Mtukula Pakhomo, umene unayambira ku Mchinji mu 2006, umapita ku mabanja osaukitsitsa amene alibe munthu wamphamvu zogwira ntchito. Kusaona pakokha sikulowetsa munthu, koma kumaganiziridwa. Onetsetsani kuti kalembera akamachitika m'mudzi dzina lalembedwa, chifukwa amene satha kufika pa msonkhano wa amfumu ndi amene amaiwalika. Akhale ndi chiphaso cha unzika chakechake, ndipo azisunga yekha.

Ntchito zimene osaona akugwira m'dziko muno ndi zambiri: uphunzitsi, ubusa, zamalamulo, kuulutsa mawu pa wailesi, bizinesi. Ku Mulanje kuli sukulu yophunzitsa osaona ntchito zamanja ndi ulimi, ndipo MACODA ili ndi malo ophunzitsira ku Lilongwe ndi ku Magomero, ndi fakitale yoluka nsalu ku Bangwe. Kumunda, chingwe chokhala ndi mfundo pa phando lililonse chimathandiza kubzala mizere yowongoka. Kuweta nkhuku, kuluka mphasa ndi kugulitsa pa okala n'zotheka. Banki mkhonde isamukane poti sangaone m'buku: mlembi aziwerenga mokweza zimene walemba, zomwe n'zabwino kwa mamembala onse. Pa zamasewera, Taonere Banda, wothamanga wovutika kuona, ndiye Mmalawi woyamba kupikisana nawo pa Paralympics, mpikisano wa maiko onse wa anthu aulumali, ku Rio de Janeiro mu 2016.

Nanga kuvota, kusaina kubanki, ndi pamene wasalidwa?

Wosaona ali ndi ufulu wosankha yekha munthu womuthandiza kuvota, ndipo sayenera kuima pa mzere wautali. Malawi Electoral Commission yakhala ikupereka chikuto chokhala ndi mabowo ndi zizindikiro zopapasa, chimene mumalowetsamo pepala lovotera kuti muchonge nokha mwachinsinsi. Chifunseni kwa woyang'anira malo ovotera, chifukwa nthawi zina chimangokhala m'bokosi osatulutsidwa.

Posaina, dulani kawindo pa kakhadi kolimba. Wina aike kawindoko pa mzere, inu musaine m'katimo. Chidindo cha chala nachonso n'chololedwa. Pepala lililonse la ngongole, malo kapena chuma cha masiye likuwerengedwereni lonse ndi munthu amene mwabwera naye nokha, osati wa mbali inayo.

Malawi inavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, ndipo lamulo la 2024 lija limaletsa kusala munthu pa sukulu, pa ntchito ndi kuchipatala chifukwa cha ulumali. Mwana akabwezedwa pa sukulu kapena wamkulu akachotsedwa ntchito poti wasiya kuona, lembani tsiku, amene analankhula ndi mawu amene ananena. Kadandauleni ku MACODA, ku Malawi Human Rights Commission kapena kwa Ombudsman. Nkhani za ntchito zimayambira ku ofesi ya zantchito ya boma lanu. Pitani ndi munthu wa ku MUB kapena FEDOMA ngati n'kotheka, ndipo kalata iliyonse imene mwapereka muzisungako kope yake yodindidwa.